Chovala cha Chona Ndevu

Chinthu choyamba chimene chinamudabwitsa telala chinali mapini. Madzulo anali atapinda miyendo ya chovala chija n'kuibaya mapini mozungulira, kuti kukacha adule nsalu yotsalayo ndi kusoka. Koma atatsegula chipinda chosokeramo m'mawa, anapeza miyendoyo ili yotambasuka monga kale, mapini onse atandandalikidwa pawindo, mitu yake italoza mbali imodzi, ngati kuti wina anakhala pansi n'kuwayala mosafulumira.

Chovalacho chinali cha Chona Ndevu, chimphaka chachikulu ngati munthu chimene chinkasangalatsa ana pa wailesi ya kanema Loweruka lililonse m'mawa. Anachisoka ndi iye mwini zaka zapitazo ndi nsalu yaubweya yotuwa, ndipo amene ankachivala anali mlongo wake wamwamuna. Mlongo wakeyo ankakonda kunena kuti anthu opeka nkhani anamulakwira mphaka: akapanda kumusandutsa mbava ya kukhitchini, ndiye amamukhazika pafupi ndi mfiti, maso ali psuu mumdima. Iye ankafuna mphaka waulesi, wokonda mkaka ndi nthabwala, woti mwana akamuona asiye kutola mwala akakumana ndi mphaka panjira. Zinathekadi. Ana ankamukonda Chona Ndevu kuposa aphunzitsi awo.

Tsopano mlongo wakeyo anali atamwalira, atangodwala masiku ochepa. Kusitudiyo anapeza munthu wina woti azilowa m'chovalamo, koma wamfupi, ndiye anachipereka kwa telala kuti achichepetse. Anabwera nacho kunyumba m'chithumba, n'kuchibisa m'chipinda chosokeramo, chifukwa m'nyumbamo munali mwana.

Mwanayo anali wa malemuwo, mtsikana wosayamba sukulu, amene mayi ake anamwalira iye ali wakhanda. Bambo ake ankamutchula kuti Kambewa, ndipo dzinalo linakanirira. Kusitudiyo kuja kunali lamulo limene aliyense ankalisunga ngati pemphero: wovala Chona savula chimutu chake pamaso pa mwana, ndipo palibe amene amauza mwana kuti mkatimo muli munthu. Malemuwo ankalisunga lamuloli ngakhale kwa mwana wake yemwe. Koma mwana salephera kuzindikira mawu a bambo ake. Kambewa ankangoti adadi amakhala m'mimba mwa Chona, ndipo anthu ankaseka n'kumusiya choncho. Pa maliro, achibale anagwirizana kuti mwanayo ngwamng'ono, asauzidwe. Anamuuza kuti adadi apita kuntchito ndipo achedwako. Kusitudiyo nako anapitiriza kuonetsa zigawo zimene anajambuliratu. Choncho Loweruka lililonse Kambewa ankakhala pansi patsogolo pa kanema, kadzanja kake katagwira galasi, akumva bambo ake akuyasamula ndi kupempha mkaka.

Telala anawafotokozera amuna ake za mapini aja akumwa tiyi. Amuna akewo anali makaniko, munthu wamtali, wa mawu ochepa, amene masiku amenewo ankagona pabalaza pafupi ndi windo, kulondera galimoto za anthu zimene zinkagona pabwalo, popeza akuba mabatire anali atavuta mumsewumo. Anauzira tiyi wawo kwa kanthawi, kenako anati mwina anawachotsa yekha n'kuiwala, munthu wolira amaiwala zambiri. Atatero anamuthirira shuga m'kapu n'kumutakasira, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiranireni.

Madzulo a tsikulo telala anagwira lumo kuti adule miyendo ija kamodzi n'kamodzi, koma dzanja linakana. Kudula msinkhu wa mlongo wake kunamulemera. Anangopinda n'kugwiriza ndi ulusi woyera, msoko wotalikirana, kenako anakiya chitseko n'kupachika kiyi pamsomali wa kukhitchini pamene pankakhala makiyi onse.

Kutacha, ulusi uja anaupeza utasololedwa wonse, utakulungidwa bwinobwino pamwamba pa makina. Chovalacho chinali pamene anachisiya, thupi lili pahang'ala, chimutu chili pampando. Anatsegula zipi ya kumsana n'kulowetsamo dzanja, ndipo analibweza msanga. Mkatimo munali monyowa, ndiponso mofunda. Iye ankaidziwa bwino nsalu imeneyo. Ankadziwa mmene inkanyowera ndi thukuta akamaliza kujambula, mmene ankaitembenuzira kuti iume. Koma chiyambire matenda a mlongo wake, inali youma gwa.

Masana ake telala akuyanika zovala, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda atanyamula nthochi zoti apatse mwana. Anali mayi wansangala, woseka ndi thupi lonse, koma tsiku limenelo kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

"Aneba, kodi mwayamba kuweta mphaka woyenda ndi miyendo iwiri?" anafunsa motsitsa mawu.

Anafotokoza kuti usiku anadzuka kukamwa mankhwala, ndipo ataponya maso pawindo la chipinda cha mwana anaona chinthu chitaima kuseri kwa katani, chachitali kufika pamwamba pa windo, makutu ali njo. Anati sanauze munthu, koma mtsikana wake wantchito anali atamva kale kumpopi kuti m'nyumba mwa telala mumalira mphaka pamene saweta mphaka, ndipo ena ankati malemu uja sanagone. Atanena zimenezi anamugwira telala pamkono n'kumuuza kuti akachita mantha azingogogoda, ngakhale pakati pa usiku.

Koma chimene chinkamudya mtima telala sichinali mphekesera. Kambewa anali atasiya kudya. Poyamba ankasiya theka la buledi, kenako anayamba kungonyambita supuni n'kukankha mbale. Masana ankangogona, maso atalowa mkati, ndipo dzuwa likamalowa m'pamene ankatsitsimuka, n'kuyamba kufunsa ngati nthawi yogona yakwana. Kuchipatala anamuyeza magazi, anamumvetsera pachifuwa, osapeza kanthu. Namwino wina anatulutsa switi m'thumba mwake n'kumupatsa. Mwanayo analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuika m'thumba la diresi osaitsegula. Chokhacho chimene ankapempha chinali mkaka pogona, ndipo telala ankasangalala poona kapu ili yopanda kanthu m'mawa, kufikira tsiku limene akusesa anapeza kambale kunsi kwa bedi, kali mbee ngati konyambitidwa.

Tsiku limenelo akumusambitsa, anaona nthiti za mwanayo zikuwerengeka, mapewa ali ngati a kamwana ka mbalame. Anamukulunga m'thawulo n'kumukhazika pamiyendo.

"Kambewa, mwanangu, chakudya changa chakulakwira chiyani?"

"Palibe, azakhali."

"Nanga bwanji sukudya?"

Mwanayo anayang'ana kuchitseko, kenako anabweretsa pakamwa pake pakhutu la azakhali akewo.

"Chona akuti ndikulemera. Akuti ndikapepuka andinyamula, tikalowe mu kanema, kunyumba kwawo. Akuti kwatsala pang'ono."

Telala anapitiriza kumupukuta timiyendo, kamodzi, kawiri, pamalo pouma kale.

Usiku umenewo sanagone. Anazimitsa getsi n'kukhala tsonga pabedi, chitseko atachisiya chotseguka pang'ono. Mdima wa m'nyumbamo unali wothithikana, wosaona ngakhale dzanja. Anamva firiji ikulira kukhitchini, kenako inaleka, ndipo bata limene linatsala linali lolemera kuposa phokosolo. Malata ankathetheka apa ndi apo pozizira. Mpopi wa kubafa unkadontha. Kutali galu anauwa, anzake osamuyankha. Anakhala choncho mpaka msana unayamba kupweteka, ndipo atangoyamba kudziseka kuti wakula pachabe, anamva mapazi.

Sanali mapazi a nsapato, kapena a munthu wosavala. Anali ofewa, okhuza pansi pang'onopang'ono, fwa, fwa, monga mmene ankamvekera mapazi a siponji amene iye mwini anawamata. Anadutsa pakhomo pake. Mpweya wa nsalu yaubweya ija unalowa m'chipindamo. Chitseko cha mwana chinalira pang'ono, bedi linatsika ndi kulemera kwa chinthu chachikulu, ndipo panayamba kulira kwa pakhosi kuja amalira mphaka akakhuta, ngrrr, ngrrr, kosalekeza.

Kenako kunabwera mawu. Anayamba ndi kachifuwa kakang'ono kamene mlongo wake ankatsokomola asananene nthabwala, kuyambira ali mnyamata. Mawuwo anali otsika, sankamveka kuti akuti chiyani, koma anali ake, ndi kakokedwe kake komwe. Mwana anaseka. Ndiye mawuwo anayamba kuimba nyimbo yotsekera pulogalamu, ija yotsanzikana ndi ana.

Telala anachita tsembwe thupi lonse. Sanaitane amuna ake, ndipo sanadzuke. Anangoluma bulangete, misozi ikutsika, chifukwa pamodzi ndi mantha aja munali chinthu china chochititsa manyazi: anali atawasowa mawu amenewo, ndipo mbali ina ya mtima wake sinkafuna kuti aleke.

M'mawa anawafunsa amuna ake ngati anamva kuimba. Iwo anamuyang'ana modabwa kwenikweni, n'kunena kuti sanamve nyimbo iliyonse. Anaonjeza kuti mwina aneba anasiya wailesi chitsegulire, ndipo anatuluka kupita kugalimoto zawo osamaliza tiyi.

Usiku wotsatira telala anamunyamula mwanayo kukagona naye kuchipinda kwake. Kambewa sanalire. Anangogona chagada, maso ali tong'o kuchitseko, usiku wonse, thupi lake likutentha ngati mbaula. Kutacha anakana ngakhale madzi. Anati azakhali awaingitsa Chona, ndipo akapanda kubwera iye sadzatsegulanso pakamwa. Dzuwa lisanalowe milomo yake inali itayamba kung'aluka, ndipo telala anagonja, anamubweza kubedi lake. Pamenepo mwanayo anamwako madzi pang'ono.

Telala anaimbira foni mkulu wa pulogalamu, n'kumuuza kuti ntchitoyo yamukanika, abwera nacho chovalacho mawa. Mkuluyo anali munthu wabwino, amene anathandiza kwambiri pa maliro. Anayesa kuseka, nati m'mafilimu mphaka safa kamodzi, Chona Ndevu adzukanso basi. Atazindikira chimene wanena anapepesa, n'kufunsa ngati mwana ali bwino. Telala anangoti akuyesera. Anapinda chovalacho, anachiika m'chithumba pamodzi ndi chimutu, anamanga pakamwa pake ndi chingwe mfundo zambirimbiri, n'kukiya chitseko.

Koma ankadziwa kuti mfundo sizingaletse chimene chinasolola ulusi. Anthu onse atagona, anatuluka mwakachetechete n'kukaima m'bafa, moyang'anizana ndi chipinda cha mwana, dzanja lili pafupi ndi swichi ya m'kolido. Simenti inkamuzizira kumapazi. Nthawi ino anali atatsimikiza kuti kaya ndi chiyani, achiona ndi maso.

Anachimva chikubwera, fwa, fwa. Anachiona ngati mdima wina wakuda kuposa mdima unzake, chikuwerama kuti makutu asagunde pamwamba pa chitseko, n'kulowa kwa mwana. Anadikira. Kulira kwa pakhosi kuja kunayamba, kenako kachifuwa, kenako kunong'ona. Patapita nthawi yaitali bedi linalira, ndipo chinthucho chinatuluka chobwerera m'mbuyo.

Telala anayatsa getsi.

Chona Ndevu anaima pakati pa kolido, ndevu zake zikunjenjemera, maso ake agalasi akumuyang'ana, pakamwa pali chisekereni monga anapasokera. Palibe amene anasuntha. Kenako chinthucho chinakweza manja kumutu, koma chinaima, chinatembenuka, n'kuyamba chakoka chitseko cha mwana mpaka chinatsekeka bwino. Chitatero m'pamene chinavula chimutu.

Anali amuna ake, nkhope yonse ili thukuta lokhalokha, maso ali pansi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mu shuga.

Telala anakhala pansi pomwepo. Iwonso anakhala, chimutu chili pamiyendo. Monong'ona anafotokoza kuti tsiku limene chovalacho chinabwera, anamupeza Kambewa usiku atagona pakhomo la chipinda chosokeramo, mphuno ili pampata wa pansi pa chitseko, akulira mopanda mawu kuti akumva fungo la adadi. Iwo sadziwa kutonthoza mwana ndi pakamwa, ndiye anachita chimene anatha. Ankangolowa, kukhala kumiyendo kwa bedi, n'kumamusisita pamsana mpaka agone. Mapini ankawachotsa chifukwa miyendo inkawachepera. Anati ankaona kuti mwanayo akuwonda, ndipo ankaganiza kuti akasiya kubwera ndiye zinyanya.

Mantha a telala anasanduka mkwiyo, koma mkwiyo wonong'ona.

"Bambo, inu ndi mtima wanu wabwinowo mukundiphera mwana. Munamuuziranji kuti apepuke? Kuti mumunyamula?"

"Ndani? Ine?"

"Nanga ndani?"

"Mayi, ine m'menemu sindinatsegulepo pakamwa. Mawu angawa, okhala ngati injini yakufa, akanandizindikira tsiku lomwelo."

"Nanga nyimbo ija? Nanga kutsokomola kuja?"

"Nyimbo yake iti? M'chimutumu simumveka kanthu, mayi. Ndimangomva kupuma kwanga."

"Mkaka wa m'kambale?"

Amuna akewo anamuyang'ana, kenako anayang'ana pakamwa pa chimutucho, pamene panali potseka ndi kaukonde kakuda koonerapo.

"Ndikanamwera pati?"

Getsi la m'kolido linkalira pang'ono pamwamba pawo. Ndipo kuseri kwa chitseko chotseka chija, pafupi kwambiri, kulira kwa pakhosi kuja kunayambiranso, ngrrr, ngrrr. Telala anaona nkhope ya amuna ake ikusintha, ndipo anadziwa kuti tsopano nawonso akumva. Mwana anaseka, anakhala chete ngati akumvetsera, kenako anayankha kuti, "Eya, lero sindinadye chilichonse."

Telala sanadziwe kumene mphamvu zinachokera. Anadzuka, anakankha chitseko, n'kuyatsa getsi. M'chipindamo munalibe chilichonse chachilendo: kabedi, kampando, nsapato ziwiri zitayalidwa pansi. Kambewa anali atagona chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma, ndipo pakati pa iye ndi khomalo panali mpata, bulangete litalowa pansi ngati pagona chinthu. Telala anadumpha mwanayo n'kudzigwetsa pampata pomwepo. Panali pofunda. Anamukokera Kambewa pachifuwa pake n'kumukulunga ndi manja onse awiri.

"Mwanangu, tamvera. Ife akuluakulu tinakunamiza. Adadi ako sanapite kuntchito. Anadwala, anamwalira, tinawaika m'manda. Aja umawaona pa kanema ndi zithunzi zakale. Amene amabwera muno atavala Chona ndi ankolo akowa, awo ali pakhomowo, taona."

Amuna ake anaima pakhomo, thupi la mphaka, mutu wa munthu. Kwa nthawi yoyamba chisokereni chovalacho, mwana anachiona chopanda chimutu. Kambewa anawayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Kenako anabweza maso kwa azakhali ake, n'kunena mwaulemu, ndi mawu a mwana wolangizidwa bwino:

"Azakhali, sunthani pang'ono. Mwawagonera mchira."

Mchira wa chovala unali uko pakhomo, ukulendewera kumbuyo kwa amuna ake. Koma pansi pa ntchafu yake telala anamva chinthu chofunda, chokhuthala ngati mkono, chikudzikoka pang'onopang'ono.

Sanasunthe. Anatsamira ndi thupi lake lonse, n'kumufinya mwanayo pachifuwa.

"Sindisuntha," anatero, osayang'ana kumbuyo. "Achimwene, ngati ndi inu, mwanayu munandisiyira ine. Sapita kulikonse. Ngati si inu, malo muno atha."

Chinthucho chinakokanso, mwamphamvu, mpaka bedi linalira. Iye analuma mano. Amuna ake anavula chovala chija pomwepo n'kudzakhala pansi pafupi ndi bedi, dzanja lawo lalikulu litagwira phazi la mwana. Anakhala choncho, getsi lili chiyakire. Nthawi zina kukokako kunkaleka, telala n'kuyamba kuwodzera, kenako kunkayambiranso mwadzidzidzi ngati kumuyesa. Pakati pake Kambewa anayamba kulira, kulira kwenikweni kwa mwana wamasiye, kumene anali asanalire chimwalirireni bambo ake, ndipo analira mpaka diresi la azakhali ake linanyowa.

Kunja kutayamba kuyera, galimoto zoyamba zikudutsa mumsewu, mwanayo anatukula mutu.

"Azakhali, njala."

Amuna ake anathamangira kukhitchini, n'kubwera ndi buledi ndi tiyi wamkaka pambale. Kambewa anakhala tsonga n'kutsegula pakamwa. Iwo anapereka mbaleyo kwa mkazi wawo, poti ndiye ankadziwa kudyetsa mwana.

Telala anapukusa mutu, ali chigonere pomwe paja, thukuta lili pamphumi.

"Mudyetseni inuyo, bambo," anatero motsitsa. "Adye mpaka amalize. Ine sindingadzuke pano."